Mano Saguluka Chifukwa cha Ukalamba

M'midzi yambiri anthu sadabwa akaona nkhalamba yopanda mano. Amati ndi m'mene ukalamba umakhalira, monga imvi ndi makwinya. Agogo eni ake amavomereza zomwezo, ndipo dzino likayamba kugwedera amangodikira tsiku loti ligwe. Komatu imvi sizipewedwa, pamene kuguluka kwa mano kumapewedwa. Kawirikawiri chimene chimachotsa mano m'kamwa mwa munthu wachikulire ndi matenda awiri, chiseyeye ndi kubooka kwa mano, ndipo choyambitsa chake nchodziwika.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo a zaumoyo amati amene watsala ndi mano 20 kapena kuposerapo angathe kutafuna bwino. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena m'chaka cha 2022 kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 60 ndi kuposerapo, anthu pafupifupi 23 alibe dzino ndi limodzi lomwe. Chiwerengerochi nchachikulu, komanso chikuonetsa kuti okalamba ambiri akadali ndi mano oyenera kuwasamala.

Vutoli limabisala chifukwa nsima ndi yofewa. Munthu wopanda mano a chibwano angathe kumeza nsima yoviika mu msuzi, ndipo a pabanja amaona ngati wadya. Chimene wasiya ndi ndiwo. Nthuli ya nyama amapatsa mdzukulu, usipa wouma amakankhira pambali, mtedza wokazinga ndi chimanga chootcha amangoyang'ana. Ana amati agogo ndi opatsa, osadziwa kuti m'kamwa ndimo mwavuta. Pakapita miyezi thupi limaonda, mphamvu zogwirira khasu zimachepa, ndipo matenda ena amapeza polowera. Pali chinanso chimene sichinenedwa kawirikawiri. Mkulu amene kale ankalankhula pabwalo amayamba kukhala chete, kapena kuphimba pakamwa poseka, chifukwa cha magweru ndi fungo.

Chiseyeye chimayamba ndi litsiro loyera, lofewa, limene limamata pamene dzino likumana ndi nkhama. Litsiroli ladzaza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Likapanda kuchotsedwa tsiku ndi tsiku limauma nkusanduka ngati kamwala, ndipo pamenepo mswachi sungathenso kulichotsa. Nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, kenaka fupa limene limagwira muzu wa dzino limayamba kudyeka. Kuipa kwa nthendayi nkwakuti sipweteka. Imadya mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo dzino likamayamba kugwedera ndiye kuti fupa lambiri latha kale.

Nkhama zikabwerera m'mbuyo, muzu wa dzino umakhala pamtunda. Ichi ndicho chifukwa chake mano a okalamba amaoneka ngati atalika. Muzu ulibe chikopa cholimba chonga cha pamwamba pa dzino, motero umabooka msanga. Ena amakhulupirira kuti m'dzino lobooka muli mbozi. Mulibe. Tizirombo tija tikalandira shuga timapanga asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula dzino pang'onopang'ono. Tiyi wothira masupuni atatu kapena anayi a shuga, womwa kangapo pa tsiku, amadyetsa tizirombo tsiku lathunthu.

Malovu ndiwo amatsuka asidi ameneyu, koma okalamba ambiri amauma m'kamwa. Mankhwala ena, kuphatikizapo ena a kuthamanga kwa magazi, amachepetsa malovu. Wodwala sayenera kusiya mankhwala ake. Ayenera kumwa madzi pafupipafupi ndi kufotokozera a chipatala za kuumako. Matenda a shuga nawo amayenda limodzi ndi chiseyeye: shuga akachuluka m'magazi nkhama zimadwala msanga, ndipo nkhama zodwala zimavutitsa katsitsidwe ka shuga.

Chitetezo chake chiri m'manja mwa munthu mwini. Mano ayenera kutsukidwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku, kwa mphindi ziwiri. Ambiri amatsuka m'mawa mokha posamba kumaso, koma nthawi yofunika koposa ndi ya usiku, popeza munthu akagona malovu amachepa ndipo tizirombo timagwira ntchito popanda chotiletsa. Mswachi ukhale wofewa, ndipo uziyenda pang'onopang'ono m'malire a dzino ndi nkhama, kunja ndi m'kati momwe, mpaka ku mano a kumapeto. Mankhwala otsukira mano, amene ambiri amangowatcha Colgate ngakhale ali a mtundu wina, akhale okhala ndi fluoride, chifukwa ndiye amalimbitsa dzino. Ochepa ngati njere ya nandolo ndi okwanira, kotero chubu chimodzi chimakhalitsa. Akatha kutsuka, munthu alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano.

Kumene ndalama ya mswachi wa m'sitolo palibe, kamtengo kotafuna kamene makolo ankagwiritsa ntchito kamathandizabe, malinga nsonga yake yatafunidwa mpaka kufewa ndipo kafika mbali zonse za dzino. Phulusa, makala ndi mchenga ndi zina. Zimayeretsa mano lero, koma zimapala chikopa cha dzino, ndipo pa muzu umene uli pamtunda zimakumba ngalande. Madzi ofunda a mchere amatonthoza nkhama zotupa, ngakhale kuti litsiro lomata salichotsa.

Ambiri akaona magazi potsuka amaleka, poganiza kuti mswachi wawavulaza. Magaziwo ndi chizindikiro chakuti pamalopo pali litsiro, ndipo amasiya pakapita sabata imodzi kapena ziwiri munthu akamatsuka bwino. Akapitirira, mpofunika kupita ku chipatala.

Pano a pabanja ali ndi gawo lao. Agogo amene manja awo agwidwa ndi nyamakazi amalephera kugwira mswachi, koma kukulunga kansalu pa chigwiriro chake kumathandiza kuti ugwirike. Amene adafa ziwalo kapena ayamba kuiwalaiwala amafunika wina wowatsuka, monga m'mene amawasambitsira. Pogula sopo ndi mchere wa agogo, mswachi wao usaiwalike, ndipo ukhale waowao, wosabwerekana ndi adzukulu. Amene ali ndi mano oikirira aziwavula usiku, kuwatsuka ndi kuwasunga m'madzi oyera, nkhama nazo zipume.

Fodya amaononga nkhama, kaya ndi wosuta kaya ndi uja amai ena achikulire amaika kuseri kwa mlomo. Akaphatikizana ndi kachasu, chiopsezo cha khansa ya m'kamwa chimakula. Chilonda cha pa lilime kapena m'tsaya, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira limene silikutha patapita sabata ziwiri liyenera kuonedwa ndi a chipatala, ngakhale lisakupweteka. Akuluakulu ena amachita manyazi kuyasamula pamaso pa mwana wamng'ono wovala zoyera, koma paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kuika aspirin pa dzino lopweteka kumaotcha nkhama, ndipo madzi a batire, amene ena amathira pobooka, ndi poizoni.

Madokotala a mano akadali ochepa m'Malawi. Maphunziro ao adayamba m'dziko muno m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano iri pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo m'chaka cha 2022 Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya za umoyo wa m'kamwa. Ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi a zamano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Iwowa amazula mano, ndipo kumene zipangizo ziripo amapalanso kamwala kaja ndi kumata dzino lobooka ngati munthu wafika msanga. Chipatala chaching'ono cha kumudzi chimene chiribe wa zamano chimapereka kalata yotumiza wodwala ku chipatala cha boma. Wokalamba popita kumeneko atenge buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo anene ngati ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi dzino lisanazulidwe.