Nyumba za ku London Zimene Eni Ake Sadziwika

Munthu wamba akagula nyumba ku Mangalande, dzina lake limalembedwa m'kaundula wa malo, ndipo amakhoma msonkho wotchedwa Stamp Duty. Umu ndi mmene mphunzitsi kapena kalaliki wa kumeneko amapezera kanyumba kake. Koma anthu achuma ali ndi njira ina, ndipo amene amawalambulira njirayo ndi maloya.

Loya amalembetsa kampani pa zilumba za British Virgin Islands, kapena ku Jersey, Guernsey ngakhalenso Isle of Man. Kawirikawiri kampani yotere ilibe sitolo ndiponso ilibe antchito. Ili ndi dzina ndi keyala basi. Ndiyo imene imagula nyumba, ndipo dzina lake ndilo limaoneka m'kaundula. Tsiku logulitsa, chimene chimagulitsidwa ndi masheya a kampaniyo, kotero kuti pa pepala nyumba sinasinthe mwini, ndipo msonkho uja superekedwa.

Awerengi athu asaganize kuti pamenepa lamulo lathyoledwa ai. Mu 2017 Bambo Tony Blair, amene kale anali Nduna Yaikulu ya Britain, pamodzi ndi akazi awo anagula nyumba ya maofesi ku Marylebone pa mtengo wa mapaundi 6.45 miliyoni, pogula kampani ya ku British Virgin Islands imene inali mwini wa nyumbayo. Zikalata za Pandora Papers zitaululidwa mu 2021, zinadziwika kuti msonkho wa mapaundi 312,000 sunafunikire kuperekedwa. Panalibe mlandu, komatu kalaliki uja mwayi wotere sauona.

Ku Pakistan nkhani inalemera koposa. Zikalata 11.5 miliyoni za kampani ya maloya ya Mossack Fonseca ku Panama, zimene zinaululidwa mu 2016, zinaonetsa kuti ana a Nduna Yaikulu Nawaz Sharif anali okhudzidwa ndi makampani a pa zilumba amene anali eni a nyumba za ku Park Lane mu London. Khoti Lalikulu linawachotsa pampando mu 2017, mu 2018 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10, koma mu 2023 khoti lina linawapeza osalakwa. Maloya a ku Panama aja anatseka ofesi zawo mu 2018.

Boma la Britain linalonjeza mu 2016 kuti lidzaulula eni enieni a nyumba zotere, koma linazengereza zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka Russia italowa m'dziko la Ukraine mu 2022. Pamenepo lamulo linadutsa m'masabata owerengeka. Tsopano kampani yakunja yokhala ndi malo ku Britain iyenera kulembetsa maina a eni ake ku Companies House. Ikapanda kutero singathe kugulitsa malowo kapena kuwaika chikole. Udindo wotsimikiza kuti mainawo ndi oona unaperekedwa kwa akatswiri ovomerezeka a ku Britain, ndipo pakati pawo pali maloya omwe.