Pansi pa chigwa cha Shire saboola mwachimbulimbuli

Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa kuti pansi pamabisa zambiri. Galimoto yoboola mjigo ikafika pamudzi amayi amalulutira, koma nthawi zina madzi otulukawo amakhala amchere, osamweka. Nanga dzenjelo likanakhala la mafuta, lakuya makilomita atatu, zikanatha bwanji?

Funsoli likukhudza chigwachi. Boma lidagawa dziko lino m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta, ndipo mu 2013 lidapereka chigawo cha m'chigwa cha Shire ku kampani ya Pacific Oil. Ofufuza amakopeka ndi miyala yakalekale ya kumeneku, yomwe ilinso ndi malasha ku Lengwe ndi Mwabvi.

Vuto lalikulu poboola mafuta ndi mphamvu ya madzi, gasi ndi mafuta opanikizika m'miyala. Oboola amathira matope olemera m'dzenje kuti atsendereze zonsezi. Matope akapepuka, gasi amakwera mwaukali ndipo amatha kubuka moto. Akalemera kwambiri, amang'amba miyala nkuthawiramo, dzenje nkutsala lopanda chotchinga.

Anansi athu a ku Mozambique adaziona. Mu 1965 chitsime cha gasi ku Pande, m'chigawo cha Inhambane, chidaphulika ndipo moto udayaka kupitirira chaka. Nako ku America, pa 20 Epulo 2010, anthu 11 adafa chitsime cha BP chitaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, ndipo mafuta adatayika kwa masiku 87.

Nchifukwa chake akatswiri masiku ano amadalira makompyuta. Asanaboole amagwedeza nthaka ndi kumvetsera mmene kugwedezekako kukubwerera kuchokera ku miyala yapansi. Kompyuta imaphatikiza zimenezi ndi mbiri ya zitsime zina, nkulosera mphamvu yomwe akumane nayo pa kuya kulikonse. Kuboola kuli mkati, zipangizo za m'dzenje zimatumiza manambala atsopano, kompyuta nkumakonza ulosi wake kuti matope asinthidwe ngozi isanagwe.

Komabe kompyuta imaphunzirira pa zitsime zomwe zidabooledwa kale. Kumalo achilendo imatha kuphonya, choncho maso a munthu amafunikabe.

Ngati tsiku lina kampani idzaimika makina ake m'chigwachi, mafumu, asodzi a ku Elephant Marsh ndi alimi a m'madimba adzayenera kufunsa: mwadziwa bwanji zomwe zili pansipa, ndipo chitsime chikaphulika, Shire mudzamuteteza motani?