Batani Lakumanzere Linawagwetsa Alamu Anga

Alamu anga ndi munthu wathupi, makaniko wa maminibasi, ndipo mpaka chaka chatha panalibe munthu m'dera lathu amene anaonapo misozi yawo. Pa ukwati wawo achemwali analira mpaka zodzola kumaso zinayenderera, iwo ali gwa, maso ali pa mbale ya perekaniperekani. Pamaliro amakhala kumanda ndi khasu, nkhope ili gwa chimodzimodzi. Achemwali akamaonera mafilimu a ku Nigeria n'kumapukuta m'maso ndi chitenje, alamu ankadutsa dala kutsogolo kwa TV n'kunena kuti, "Mayi, munthuyotu sanafe. Panopa akudya mpunga kuseri kwa kamera."

Magemu ankawakonda, koma awiri okha, FIFA ndi Mortal Kombat, pa PlayStation 4 imene anagula kwa mnyamata wina wochokera ku Joni. Chiphunzitso chawo chinali chachidule: gemu ndi kumenya kapena kumenyedwa. Gemu ikangoyamba kuonetsa anthu akucheza, chala chawo chinali chitafika kale pa batani lodumphira. "Nkhani tikamva kutchalitchi, alamu," ankatero, "pano tabwera kudzathyolana nthiti." Ndipo ankandithyoladi. Ndikaluza ankavina pabalaza n'kuitana ana a aneba kuti adzaone munthu wa sukulu akugonja kwa munthu wa masipanala.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Tsiku lina ndinawabweretsera gemu yotchedwa Brothers: A Tale of Two Sons. Inatuluka mu 2013 kuchokera ku kampani ya Starbreeze Studios ya ku Sweden, ndipo anaitsogolera ndi Josef Fares, wobadwira ku Lebanon koma wokulira ku Sweden, amene asanalowe m'magemu ankapanga mafilimu. Ndinaisankha dala. Ndi yaifupi, yoti mukhoza kuimaliza madzulo amodzi, ndiponso mulibe Chingerezi chotopetsa. Anthu ake amalankhula chinenero chongopeka, moti nkhani yambiri imadutsa m'zala zako, malo amene alamu analibe batani lodumphira.

Amene simunaisewere ndipo mukufuna kudzaisewera, samalani, pakuti ine ndiulula zonse.

Ana awiri apachibale anyamula bambo awo odwala kupita nawo kwa sing'anga wa m'mudzi, ndipo auzidwa kuti mankhwala ake ndi madzi a mumtengo wina wa kutali zedi. Wosewera amayendetsa ana onse awiri nthawi imodzi pa padi imodzi. Dzanja lamanzere ndi la wamkulu, lamanja ndi la wamng'ono. Poyamba anawo ankangogundana n'kumalowera kosiyana, alamu akukuwa kuti, "Ana awa aledzera kapena?" Koma zala zinazolowera. Wamkulu ndiye amakoka zolemera n'kumukweza mng'ono wake pamalo otalika, wamng'ono amalowa m'mipata yothina. Ndiye pali madzi. Mayi awo anamira wamng'onoyo akuona, choncho sasambira, ndipo akafika pamtsinje amakakamira kumsana kwa mkulu wake. Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana uyu ndi mlamu wanga weniweni," anatero akundiloza.

Ine ndinangoti, sekani.

Chakumapeto, mtsikana amene anawo anamupulumutsa anasanduka chikangaude chachikulu, n'kumubaya wamkulu pamimba. Alamu sanatekeseke. "Safa ameneyu, mtengo suwu apa?" Anamukweza wamng'onoyo mumtengo mwaliwiro, iwo atasendera kunsonga kwa mpando, anatunga madzi, anatsika. Anapeza mkulu wake atauma kale. Anamuthira madziwo kukamwa, zii.

Apa m'pamene gemuyi imachita nkhanza zenizeni, chifukwa siikuonetsa maliro kuti uonerere. Imakupatsa ntchito. Uyenera kumukoka wekha mtembowo mpaka kudzenje, kenako kukankhira dothi mulu ndi mulu, kamwanako kakuyenda mozandima. Alamu, munthu amene wakwirira anthu enieni osagwedezeka, ankakankha dothi la pa TV pang'onopang'ono, mphuno ikulira. "Utsi wa mbaula," anatero osandiyang'ana. Mbaula inali panja, yozima.

Mpaka apo akanatha kudzakana mlandu. Chinawamaliza ndi madzi a panjira yobwerera kumudzi. Mwana watsala yekha, bambo akudikira kutsidya, ndipo dzanja lamanzere la alamu langokhala pa padi lopanda ntchito. Anamukankhira mwanayo m'madzi ndi dzanja lamanja, mwana anakana. Anayesanso, anakananso. "Alamu, gemu yanuyi yafa," anatero. Ine pakamwa ndinatseka, mtima ukuvina. Kenako chala chakumanzere, mwa chizolowezi chabe, chinadina batani la malemu uja. Mwana anayamba kusambira.

Abale anga, kulira kumene kunatuluka pamenepo sikunali kwa ulemu ayi. Kunali kwa mapewa, kofuula, kokoka mamina. Achemwali anatulukira kukhitchini mthiko uli m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani. Alamu analoza TV, mawu osatuluka. Achemwali anayang'ana TV, anayang'ana amuna awo, kenako modekha anati, "Bambo, mwanayotu sanafe. Akudya mpunga kuseri kwa kamera." Chilungamo chotere ine sindinachionepo chibadwire.

Kunena zoona, alamu sindikuwaona ngati ofooka. Filimu imakuonetsa munthu wina ataferedwa, iwe uli pampando ndi chimanga chokazinga. Gemu iyi inatenga maola angapo kuphunzitsa dzanja lawo kuti likhale mkulu wa mwana uja, kenako inaliferetsa dzanjalo, kenakonso inaonetsa kuti mphamvu za malemu zikadali mwa wotsalayo, popanda liwu ngakhale limodzi lomveka. Filimu ya mtundu uliwonse singachite zimenezo, chifukwa woonera filimu alibe batani. Fares anadzapambana mphoto ya gemu ya chaka mu 2021 ndi It Takes Two, koma kwa ine luso lake lalikulu lili pa kusambira kumene kuja.

Usiku womwewo alamu anaimbira foni achimwene awo a ku Mzuzu, amene anali atasiya kulankhulana nawo chifukwa cha ngongole ya injini. Achimwenewo atamva mawu onjenjemera akuwafunsa ngati adya, anayankha kuti, "Tanena msanga, ukufuna zingati?"

Kuyambira pamenepo munthu anasinthiratu, ndipo anayamba kuzifuna yekha. Anabwereka The Last of Us, ya kampani ya Naughty Dog, imenenso inatuluka mu 2013. Gemuyo imayamba iwe ukuyendetsa kamtsikana, Sarah, kamene kangowapatsa bambo ake, Joel, wotchi ya tsiku lobadwa. Usiku womwewo mliri ubuka, msilikali awombera, ndipo Sarah afera m'manja mwa bambo ake gemu isanapite n'komwe patali. Alamu anaika padi pansi, analowa kuchipinda n'kukamudzutsa mwana wawo wamkazi kuti amukumbatire. Mwanayo m'mawa anakadandaula kwa mayi ake kuti adadi akumusokoneza tulo.

Red Dead Redemption 2 ya 2018 ndiye inawatengera miyezi. Ndi nkhani ya chigawenga cha ku America cha m'chaka cha 1899, Arthur Morgan, amene anatenga chifuwa chachikulu pomenya munthu wodwala yemwe anali ndi ngongole. Alamu, amene eni maminibasi amawathawa akaona akubwera ndi kabuku ka ngongole, anakhala chete nthawi yaitali atazindikira zimenezo. Koma chikondi chawo chinali pa hatchi. Munthu amene galu wa pakhomo pake sanamusisitepo ankatha madzulo onse akupesa hatchi ya pa TV n'kumaidyetsa. Itawomberedwa kumapeto, Arthur n'kugwada kuithokoza, tsiku lotsatira kugalaja anapita maso ali psuu, n'kuwauza anyamata kuti ndi chimfine.

Panopa asanduka katswiri wa mbiri ya misozi. Final Fantasy VII sanaisewerepo yakaleyo, koma amasimba za imfa ya Aerith, amene Sephiroth anamubaya ndi lupanga mu gemu ya 1997, ngati agogo akusimba za njala ya 1949: mmene anthu anakanira kuvomereza, mmene mphekesera zinafalira zoti pali njira yachinsinsi yomudzutsira. Pabalaza pali malamulo atsopano. Anthu a mu gemu akamalankhula, ana onse chete. Mayina a opanga gemu akamayenda kumapeto, palibe wodzuka mpaka nyimbo ithe. Achemwali amaonera mafilimu awo mwamtendere, ndipo nthawi zina ndimawapeza alamu ataima pakhomo akufunsa chapansipansi ngati mayi uja anamupeza mwana wake. Pa FIFA amandimenyabe, pamenepo Mulungu sanandiyankhe, koma akandichinya zisanu amandigwira paphewa n'kufunsa kuti, "Alamu, mumtima mukumva bwanji?" Bola kuvina kuja.

Chimene chimandikomera kwambiri n'chakuti msampha wanga anaulanda. Loweruka lililonse amaitana mmodzi wa anzawo a kugalaja, makamaka odzitama, n'kumupatsa padi kuti asewere gemu ya ana awiri ija. Iwo amakhala kumbuyo atapinda manja, osayang'ana TV, maso ali pankhope ya mlendoyo. Wowotcherera zitsulo analira. Womata matayala, amene analowa akunena kuti iye za ana sizimugwira, anatuluka osatsanzika n'kuiwala chipewa. Kondakitala wina anapirira mpaka pamanda paja, alamu n'kuyamba kuda nkhawa, koma pamadzi paja anagwa nayenso.

Loweruka likubwerali aitana mkulu wa mpingo, bambo amene amalalikira pamaliro mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Alamu andiuza kuti ndifike msanga ndidzapeze malo abwino, ndipo achemwali awapempha kuti achapiretu zitenje ziwiri.