Driver ya abwana si yako

Amalawi ambiri amene timasewera gofu kuno ku Durban ndodo zathu sitinagule m'sitolo. Ena anapatsidwa ndi abwana awo, ena anagula zakaunjika pa Facebook. Ndodo zifupizifupi zimapirira zimenezo. Koma driver, ndodo yaitali ya mutu waukulu ija timayambira pa mabowo aatali, ilibe chisoni: ikapanda kukuyenera, tsiku lonse ukhalira kusaka mpira m'tchire.

Anthu amathamangira mutu, poti ndi umene uli ndi dzina la kampani. Pamenepo palibe nkhani yaikulu. Malamulo salola mutu woposa 460cc, ndipo pafupifupi onse ogulitsidwa lero ndi a msinkhu womwewo. Nkhani ili pa mpini. Yang'anani chilembo chimene chalembedwapo: L, A, R, S kapena X, kuyambira wofewa mpaka wouma gwa. Mpini wa S umafuna munthu wozunguza ndodo mwaliwiro kwambiri. Bambo wa zaka 55 amene amasewera Loweruka lokha akautenga, mpini supinda mokwanira, mpira umauluka chapansipansi n'kukhotera kumanja. Ambiri a ife ndife a R, ngakhale sitifuna kumva zimenezo. Utali nawonso: za m'sitolo zimakhala mainchesi 45 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kwa munthu wamfupi ngati ine zimakhala ngati kulima ndi khasu la mpini wa munthu wina. Kudulako inchi imodzi kumathandiza kuti mpira uzigunda pakati pa mutu, ndipo mtunda umachokera pamenepo.

Kenaka pali kupendama kwa nkhope ya ndodo, kumene osewera amati loft. Mupeza madigiri 9, 10.5 kapena 12. Anyamata amakonda 9 chifukwa amaona akatswiri pa wailesi yakanema. Wopanda liwiro asankhe 12 popanda manyazi.

Apa m'pamene Durban amasiyana ndi kwina. Tili m'mphepete mwa nyanja, mpweya ndi wolemera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Lilongwe ndi Blantyre cha m'ma 1,000, ndipo kumeneko mpira umauluka patali. Mlendo wochokera ku Johannesburg akafika pa Durban Country Club, bwalo limene linatsegulidwa mu 1922, amadabwa kuona mpira ukugwa msanga, n'kuyamba kuda ndodo yake. Ndodo ilibe mlandu. Onjezanipo mphepo ya m'nyanja ya Indian, ndi udzu wonyowa wa nthawi ya dzinja umene sulola mpira kugubuduka. Choncho driver muiyesere kuno komwe muzisewera. Masitolo aakulu a gofu ali ndi makina oyeza liwiro la ndodo ndi mmene mpira ukuzungulirira. Pitaniko musanatulutse ndalama, ngakhale mukukagula yakaunjika.

Ine ndimasewera ku Reservoir Hills, pa bwalo la khonsolo lotchedwa Papwa Sewgolum. Mwini dzinali anali mmwenye wa kuno, wosauka, wonyamulira azungu ndodo ku Beachwood. Ankagwira ndodo mopingasa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, kagwiridwe kamene mphunzitsi aliyense akanamuletsa. Ndi kagwiridwe komweko anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndi Natal Open mu 1963 ndi 1965, kachiwiriko akugonjetsa Gary Player. Malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, moti chithunzi chake akulandira chikho panja mvula ikugwa chinafalikira dziko lonse. Ndimamutchula chifukwa woyeza ndodo wina amayamba n'kukusintha kaimidwe ndi kagwiridwe kuti uyenerane ndi ndodo imene akufuna kukugulitsa. Wotereyo musiyeni. Wabwino amakuuza kuti umenye monga umamenyera masiku onse, iye n'kumasintha mipini mpaka mipira itayamba kugwera malo amodzi.

Pogula yakaunjika, fufuzani ming'alu pamwamba pa mutu ndi pamene mpini walowera, ndipo muigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamalira m'kati, ibwezeni. Labala wa pogwirira akatha musadandaule, amasintha pa mtengo wochepa.