KUFULA AGALU NDI NTHENDA YA CIWEWE

Kumwera kwa Harare, pa mtunda wa makilomita ngati 25, kuli mzinda wa Chitungwiza, umene unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza makomboni atatu, ndiwo Seke, Zengeza ndi St Mary's. Pa kalembera wa 1982 unali kale mzinda waukulu, ndipo pa wa 2012 anawerengamo anthu oposa 350,000. Mwa iwo muli ambiri amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzafuna nchito. Nyumba zace nzothithikana, mabwalo ngaang'ono, ndipo pa makomo ambiri pali galu wolonda akuba. Koma munthu wolawirira m'mamawa, akamapita pafupi ndi misika kapena pa madzala, aona agalu enanso, oonda ndi oyenda m'magulu. Agalu amenewa sanacokere kuthengo ai. Anabadwira pa makomo a anthu, ndipo ataculuka, eni ace analephera kuwadyetsa.

Kuculuka kwa agalu nkofulumira koposa. Galu wamkazi amayamba kufuna amuna ali ndi miyezi 6 kufikira 12. Nyengo imeneyi imakhala masabata atatu, ndipo kwa agalu ambiri imabwera kawiri pa caka. Akatenga bere amakhala masiku 63, nabala tiana tinai, tisanu ndi kamodzi, ngakhale kuposapo. Tsono caka cisanathe, tiana tatikazi timayamba kubala natonso. Banja limene linali ndi galu mmodzi lipeza kuti nsima yotsala siikwaniranso, ndipo tiagalu tina amatipereka kwa anansi, tina amakatitaya kutali, tina timangodziyendera.

Cikhala kuti bvuto linali la njala yokha, bwenzi nkhani iri yaing'ono. Koma galu ndiye amene amafikitsa ciwewe kwa munthu. Bungwe la World Health Organization limati nthenda imeneyi imapha anthu ngati 59,000 pa caka pa dziko lonse, makamaka mu Africa ndi mu Asia, ndi kuti mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 4 ndi ana osafika zaka 15. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zace, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, kucira kulibe. M'dziko la Zimbabwe ciwewe cinaoneka m'caka ca 1902, cinazilala pofika 1913, ndipo cinalowanso m'caka ca 1950. Kwa zaka zambiri cinali ca kumidzi ndi ca ku mapulazi kumene kuli nkhandwe, koma kuyambira 2010 cinabuka mwa agalu a mu Harare mwenimweni. Anthu a ku Chitungwiza amapita ku Harare ndi kubwerako tsiku ndi tsiku, ndipo galu sadziwa malire a mizinda.

Cida cacikulu colimbana ndi ciwewe ndi katemera. Lamulo la Zimbabwe limafuna kuti galu ali yense abaidwe akafika miyezi itatu, ndipo akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 ali onse akabaidwa, nthendayi imasowa podumphira. Pamenepa ndi pamene kufula kumalowa m'nkhani. Akatswiri awiri, Butler ndi Bingham, atawerenga agalu a m'midzi ya Zimbabwe, analemba m'caka ca 2000 kuti tiagalu 7 mwa 10 timafa tisanathe caka. Tanthauzo lace ndi ili: agalu obaidwa caka cino ambiri amafa msanga, ndipo m'malo mwao mumabadwa ena osabaidwa. Kubaya katemera kumene agalu abala kosalekeza kuli ngati kutungira madzi mu mtsuko wobooka. Kufula sikuciza ciwewe, ndiponso sikulowa m'malo mwa katemera. Nchito yace ndiyo kumata cibooco kuti madzi otungidwa akhalitse.

Nanga nchitoyi amaicita bwanji? Kufula si cinthu cacilendo kwa anthu oweta, pakuti kuyambira kale amafula ng'ombe zokoka ngolo ndi mbuzi zoti zinenepe. Galu wamphongo dokotala wa ziweto amamgoneka tulo ndi mankhwala, nacotsa mbeu zace ziwiri, nasoka. Galu wamkazi amamtseka: dokotala amang'amba pang'ono pamimba, nacotsa ciberekero pamodzi ndi tiziwalo topanga mazira. Galuyo samva kuwawa pocitidwa zimenezi, ndipo kawiri-kawiri amabwerera kwao tsiku lomwelo. Mwini wace ayenera kummana cakudya usiku wa dzulo lace, cifukwa galu wokhuta angasanze ali m'tulo ndi kutsamwa. Pambuyo pace amsunge pa malo ouma ndi aukhondo, amletse kunyambita cilonda, ndipo pakapita masiku 10 kufikira 14 ulusi amaucotsa.

Phindu lace liyamba ndi galu mwini. Wamkazi wotsekedwa sadwala nthenda ya mafinya a m'ciberekero, imene imapha agalu ambiri okalamba, ndipo akatsekedwa ali wamng'ono zotupa za m'mawere sizimgwira kawiri-kawiri. Palinso cotupa cina cotuluka mwazi ku ziwalo zobisika, cimene agalu amapatsirana pokwerana, wofulidwa amacipewa. Wamphongo akafulidwa amacepetsa kuyenda-yenda. Amene anaonapo gulu la amphongo likulondola wamkazi mmodzi usiku adziwa kulumana kumene kumakhalapo, ndipo ciwewe cimayenda m'malobvu pa kulumana komweko. M'misewu yopapatiza ya m'komboni, mwana wopita ku sukulu angakumane nalo gulu lotere.

Anthu ena amakana, nati galu wofulidwa amasanduka wamantha ndi waulesi, osauwanso akuba. Koma galu amalonda khomo cifukwa ca cibadwa cace ndi kuzolowera mbuye wace. Kunena zoona, galu amene wapita kukafuna wamkazi ku Zengeza sangalonde nyumba ya ku St Mary's usiku umenewo. Za kunenepa nzoona pang'ono, cifukwa thupi la wofulidwa silifuna cakudya cambiri monga kale. Mankhwala ace ndi kumcepetsera mbale. Ena amati wamkazi ayambe wabala kamodzi, koma madokotala sanapeze ubwino uli wonse pamenepo. Za msinkhu woyenera, mwini galu afunse dokotala, pakuti agalu a mitundu ikulu-ikulu nthawi zina amawadikira kuti akhwime mafupa.

Cinthu cimodzi ncoletsedwa ndithu: kufula galu pa khomo ndi mpeni, ndi lumo, kapena kummanga ndi mphira. Kutero ndi nkhanza, ndipo galu angafe ndi kutaya mwazi kapena ndi kuola kwa cilonda; wogwira nayenso angalumidwe.

Ena amafunsa cifukwa cace boma silingowaombera agalu onse oyenda-yenda. Yankho ndi lakuti mfuti imapha obaidwa ndi osabaidwa omwe, ndipo pamene madzala ali ndi cakudya, otsala amabalana nadzaza malowo msanga. Mzinda wa Jaipur ku India unayesa njira yina. Kuyambira 1994 kufikira 2002 anagwira agalu a m'misewu pafupi-fupi 25,000, nawafula, nawabaya katemera, nawabwezera kumene anawatenga. Ciwerengero ca agalu cinatsika ndi 28 mwa 100, ndipo m'zigawo zimene nchitoyi inafika, imfa za anthu za ciwewe zinalekeka.

Othandiza alipo m'maiko onse atatu. Wa ku Chitungwiza angafunse kwa a boma oona za ziweto, kapena ku SPCA ya ku Harare. Ku Lusaka kuli Lusaka Animal Welfare Society, ku Lilongwe kuli LSPCA, ndipo ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha m'caka ca 2015. Wolumidwa ndi galu atsuke balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone zizindikiro.

Akulu anati walira mvula walira matope. Munthu wotenga kagalu watenganso udindo wa ana onse amene kagaluko kadzabala. Maiko anapangana kuti pofika 2030 pasakhale munthu wakufa ndi ciwewe ca agalu, koma pangano limeneli silikwanira pa misonkhano ya akulu-akulu. Likwanira pa khomo pamene mwini nyumba waweta agalu amene angathe kuwadyetsa, nawabaitsa, nawafulitsa nthawi isanapite.