Achinyamata a pa Ntaja ndi ndalama ya m'thumba

Aliyense wodutsa pa Ntaja, pa msewu wa Bakili Muluzi wochokera ku Liwonde kulowera ku Nselema ndi ku Namwera, amaona kuti malonda ang'onoang'ono ambiri ali m'manja mwa ana a sukulu. Atsikana asenza mabeseni a mandasi ndi zitumbuwa, anyamata akukuwira anthu pa siteji ya kabaza, ena akutsitsa matumba a mpunga pachigayo. Mkangano woti kaya mwana wa sukulu azifuna ndalama kapena ayi unatha kalekale, ndipo unathetsedwa ndi umphawi. M'chaka cha 2023 chokha, namondwe wa Freddy anawononga minda m'chigawo cha kummwera mu Malichi, kenako mu Novembala kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Sopo, makope ndi yunifolomu zinakwera mtengo, pomwe matumba a makolo anaphwa. Choncho chofunika kukambirana n'chakuti ntchito yake ikhale iti. Ine ndikuti ntchito yoyenera wachinyamata ndi imene siimudyera nthawi ya m'kalasi, ndiponso imene imamusiyira luso kapena mpamba ikatha.

Lamulo linaika kale malire. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza maphunziro ake. Amene amaona ngati zimenezi n'zolembedwa papepala chabe akumbuke kuti mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ana ntchito m'minda. Koma lamulo limangonena zoletsedwa. Silimuuza mtsikana wa Fomu 2 wa ku Nsanama kumene angapeze ndalama ya mafuta odzola.

Taonani nkhuku zachikuda. Wachinyamata akayamba ndi misoti iwiri, ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yochepa: kutsegula khola m'mawa, kuwaza madeya, kuika madzi, n'kudzatseka madzulo atabwera kusukulu. Thadzi likaikira mazira khumi ndi angapo limafungatira masiku 21, ndipo anapiye akatetezedwa kwa mphamba ndi akhungubwe, pakatha miyezi ingapo pamakhala zogulitsa pamsika kapena pa nthawi ya Idi ndi Khirisimasi pamene nkhuku imafunidwa kwambiri. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chitopa, chomwe chimapulula khola lonse m'masiku ochepa, makamaka nyengo yotentha. Komatu katemera wake alipo, wongodontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku, ndipo alangizi a ziweto amalimbikitsa kumubwereza katatu pachaka. Mwana amene waphunzira kusunga tsiku la katemera, kuwerengera ndalama ya madeya ndi kudikira mtengo wabwino waphunzira zinthu zimene adzazigwiritsa ntchito pa geni ina iliyonse. Chimodzimodzinso amene amagula mpunga wosapuntha wa m'madambo a nyanja ya Chilwa nthawi yokolola, n'kukaupunthitsa, n'kumagulitsa pang'onopang'ono Loweruka, kapena amene wapempha ndime yakeyake ya nandolo kumunda kwa makolo. Nanga luso la manja? Kusoka patelala, kukonza njinga, kumeta, kukonza mafoni: zonsezi munthu amaphunzira pokhala pafupi ndi mmisiri masana akaweruka, ndipo bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lilipo kuti luso lotere lizidziwika ndi kupatsidwa satifiketi.

Vuto ndi lakuti ntchito zimenezi zimachedwa kubala, pamene pali zina zopatsa ndalama tsiku lomwelo. Kabaza wa njinga yamoto ndiye woyamba. Mnyamata amabwereka njinga ya mwini wake, amayenera kupereka ndalama yoikika madzulo aliwonse, ndipo kuti atsale ndi kangachepe ayenera kukhala pamsewu kuyambira m'mawa, nthawi yomweyo imene anzake ali m'kalasi. Ambiri alibe laisensi kapena chipewa choteteza mutu. Njinga ikagwa, ngongole ndi bala zimakhala zake, njinga n'kukhalabe ya wina. Usodzi nawo umakopa. Matemba a ku Chilwa ndi nsomba za ku Chiuta zimabweretsa ndalama, koma zimafuna kugona kudoko masabata, ndipo nyanja ya Chilwa siidalirika: inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, asodzi n'kusiya mabwato pamatope. Ndiye pali Joni. M'maboma a Machinga ndi Mangochi nyumba za malata zomangidwa ndi ndalama za ku South Africa zimaoneka paliponse, ndipo sitingamunene mnyamata amene amazisirira. Koma wopita kumeneko ali ndi zaka 16, wopanda MSCE, wopanda luso, wopanda zikalata, amakagwira ntchito yotsikitsitsa ndipo amakhala mwamantha kuopa kugwidwa n'kubwezedwa.

Pali aphunzitsi ndi makolo amene amati geni iliyonse, ngakhale ya nkhuku, imamulawitsa mwana ndalama, ndipo akailawa sukulu amaiona ngati yotaya nthawi. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo ana otere alipodi. Koma umboni wa pafupi ndi kwathu ukuonetsa kuti kusowa ndalama ndi kumene kumachotsa ana ambiri m'kalasi. M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri ofufuza, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatsatira atsikana a m'boma la Zomba amene ankalandira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi. Amene ankalandira pa mgwirizano woti azipita kusukulu anasiya sukulu ochepa poyerekeza ndi anzawo osalandira, ndipo pakati pa amene ankalandira popanda mgwirizano, mimba ndi maukwati a ana zinachepa. Ndalama zimenezo zinali zopatsidwa, osati za geni, koma zikutiuza chinthu chofunika: mtsikana amene ali ndi kake m'thumba sakakamizika kulandira za bambo wa pagolosale amene amafuna malipiro ena. Mu 2017 Malamulo a dziko anasinthidwa kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma lamulo lokhalo siligula sopo.

Ena amafunsa kuti mpamba uchokera kuti, poti banja lenilenilo likusowa chakudya. Apa udindo ndi wa akuluakulu. Amayi ambiri a m'derali ali m'magulu a banki mkhonde, mabanja ena amalandira Mtukula Pakhomo, ndipo mtengo wa msoti umodzi ungachoke pamenepo. Chimene chimapha geni ya mwana nthawi zambiri si kuchepa kwa mpamba koma kulandidwa phindu. Nkhuku yake imaphedwa alendo akabwera osamufunsa, ndalama ya mandasi amagulira ndiwo tsiku lililonse mpaka ufa ndi mafuta zitasowa pogulira. Kholo lingagwirizane ndi mwana poyera kuti gawo ili lithandize pakhomo, ili ligule makope, ili libwerere mu geni, ndipo lotsala lisungidwe ku Mpamba kapena ku Airtel Money pa nambala ya mayi ake. Pamgwirizano womwewo pakhalenso mawu akuti geni imayamba akaweruka, ndipo teremu ya mayeso ikafika imayamba yaima.