Za Chiyambi cha Mlandu ndi Kawerengedwe ka Milandu

Tinene kuti mwadzuka mbandakucha, nimupeza khola lili chitsegukire, mbuzi ziwiri palibe. Ena a inu adzathamangira kwa a mfumu, ena adzangogwira njakata nanena kuti zapita zapita. Lero tifuna kukuonetsani njira imene mlandu wotere uyenda m'manja mwa Boma, ndi mmene kukhala chete kwa mwini mbuzi kusokeretsera anthu owerenga milandu ya dziko lonse.

Mlandu uyamba ndi dandaulo. Mwini mbuzi afika kupolisi nalongosola zonse. Wapolisi alemba mawu akewo, namwerengera, ndipo iye asainira kapena kudinda chala. Pamenepo apolisi afufuza, nafunsa mboni, ndipo akapeza munthu womganizira pa zifukwa zomveka, amgwira.

Tsono kugwidwa sindiko kupezeka wolakwa, pakuti kugamula ndi ntchito ya khoti lokha. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, a chaka cha 1994, alamula pa gawo 42 kuti wogwidwa auzidwe chimene amgwirira m'chinenero chimene amva, adziwitsidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo aonekere kukhoti asanathe maola 48. Nthawiyo ikathera tsiku limene khoti silikhala, aonekere tsiku loyamba limene likhalanso. Pa milandu yaing'ono apolisi akhoza kumtulutsa pa belo, ndipo belo ya kupolisi njaulere. Chifukwa chake mukaona munthu uja wabwera kumudzi, musafulumire kunena kuti mlandu wagulidwa: angodikira tsiku lake.

Kukhoti la majisitireti amwerengera mlandu, iye navomera kapena kukana. Womzenga ndi Boma, ndipo woimira Boma kumeneko kawirikawiri ndi wapolisi. Mwini mbuzi akhala mboni chabe, koma mboni ikapanda kubwera mlandu ugwa. Kuyambira 2010 lamulo laikanso malire a masiku osungira munthu m'ndende mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu yaikulu monga yakupha, ngakhale khoti likhoza kuwonjezerapo.

Nanga Boma lidziwa bwanji kuti kuba kwachuluka kapena kwachepa? Njira yakale ndiyo kuwerenga milandu yolembedwa m'mabuku. Dziko la France linayamba kusindikiza chiwerengero cha milandu ya m'makhoti ake m'chaka cha 1827, ndipo maiko ena anatsanzira. Koma buku lidziwa zokhazo zimene lauzidwa. Mbuzi yobedwa imene mwini wake sanakanene, kapena imene anakambirana pabwalo la mfumu, m'bukumo mulibe. Ndiponso polisi yatsopano ikatsegulidwa pafupi, milandu yolembedwa ikhoza kuchuluka, osati chifukwa akuba achuluka, koma chifukwa ulendo wokanena wafupika.

Poona ichi, akatswiri anapeza njira yachiwiri, ndiyo yoyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati anaberedwa kapena kupwetekedwa, kaya anakanena kaya sanakanene. Ku Britain kafukufuku wotere anayamba mu 1982. Kuno kwathu ofesi ya Boma yowerengera anthu ndi zinthu, ya ku Zomba, inachita kafukufuku wotere mu 2003, ndipo zinaoneka kuti mlandu wosautsa anthu ambiri koposa unali kuba mbewu m'munda, ndi kuti kuba ziweto nakonso kunali kochuluka. Koma ochepa okha mwa oberedwa mbewuwo ndiwo anafika kupolisi. Taonani, chosautsa chachikulu cha anthu akumudzi chinali chobisika m'mabuku a Boma!

Tsono inu abambo ndi amayi, gwirani mfundo iyi. Boma likamagawa apolisi ndi magalimoto, liyang'ananso chiwerengero cha milandu; mudzi wokhala chete uoneka ngati wamtendere ngakhale makola ake akutha. Mukaberedwa kaneneni, mukaitanidwa umboni pitani, ndipo mukagwira wakuba mperekeni kupolisi ali wamoyo, pakuti womenya ndi kutentha munthu adziputira mlandu woposa wa mbuzi. Makolo anati mlandu suwola. Koma kwa Boma, mlandu wosanenedwa uli ngati sunachitike.